Chala cha 4471

Pempho la fayilo 4471 linayenera kufika ku inshuwalansi isanakwane folo koloko, ndipo hafu pasiti fili inali itadutsa kale. Ellard Chitsulo anaima kumbuyo kwa mpando wa Selinah, kapu ya tiyi ataifumbata ndi manja awiri monga mwa chizolowezi chake. M'chipinda cha makhodi, pansi pa chipatala china ku Oud Metha, kudziko la Aluya, munkazizira ngati Juni wa ku Dedza. Jekete lake la zipi sankalivula.

Ntchito yawo inali yosandutsa matenda kukhala manambala. Dokotala akalemba zimene wapeza, iwo ankasaka khodi yoyenera, a inshuwalansi n'kuona ngati avomera kapena ayi. Lamulo lalikulu la m'chipindamo linali lakuti dzina la wodwala silitchulidwa. Munthu amatchedwa ndi nambala ya fayilo yake basi.

4471 anali bambo wa ku Malawi. Lamba wa makina okweza katundu anamudula chala chachikulu cha dzanja lamanja kudoko la Jebel Ali. Tsopano kunabwera dokotala mlendo amene anati akhoza kuchotsa chala chachiwiri cha kuphazi, ndi mfundo yake yomwe, n'kuchilumikiza kudzanja, mtsempha ndi mtsempha. Maola khumi patebulo. Akachira, munthuyo akanathanso kumanga batani la malaya ndi kugwira cholembera ngati anzake. Koma dokotalayo anali wobwerera kwawo pakutha pa mwezi.

Mafayilo ovuta Ellard ankagwira yekha, pakuti ndiye anali mkulu wa chipindacho. Iyi yokha anaipereka kwa Selinah, mtsikana wa ku Chipata amene anali asanathe chaka pantchito.

Khodi ya opaleshoni inalibe vuto. Pamene panavuta m'pa khodi ya kuvulala. Makhodi analipo awiri: ya bala latsopano, ndi ya chilema chotsalira ku ngozi yakale. Inshuwalansi ya 4471 sinkavomera za ngozi imene inachitika munthu asanalowe m'buku mwawo. Ngozi yake inali ya zaka zinayi zapitazo.

"Ba Ellard," anatero Selinah osacheuka, "niika ya bala latsopano. Kamozi chabe aka."

"Dokotala walemba chiyani?"

"Walemba chaka, ee. Koma nindani amawerenga mapeji yonse? Kuja aona chabe khodi, khalas, yatha."

"Ife timalemba zimene dokotala walemba, achemwali."

"Awe! Imwe na mabuku yanu ya sukulu ya madzulo!"

Ellard sanakwiye. Mabukuwo analidi pashelefu, atatu, m'mphepete mwake mutada ndi thukuta. Anawawerenga zaka ziwiri, m'basi ndi pamzere wa chakudya, kufikira atalandira setifiketi. Chiyambire ntchitoyi, ofufuza anali asanapezepo khodi yabodza m'chipinda chake. Anzake ankamutcha Mwala, iye akudziwa.

Wotchi ya pakompyuta inasonyeza kuti kwatsala mphindi khumi ndi ziwiri.

"4471 wayembekeza zaka folo," Selinah anatsitsa mawu. "Dokotala uyu akayenda, wina azachoka kuti? Simumumvelela chifundo?"

"Ndimamumvera."

"Manje?"

"Dzina limene lili pansi pa pemphopo ndi lanu, si langa. Tsiku lodzafufuza, wokwera ndege ya ku Lusaka ndinu. Setifiketi adzakulandani, viza n'kuthera pomwepo."

"Ndine navomela. Ni nkhani yanga."

"Ine sindinavomere. Ikani ya chilema chakale."

Nkhope ya Ellard sinasinthe. Zala za kuphazi zokha n'zimene zinkafinyana m'nsapato, ndipo zimenezo palibe akanaziona. Mtsikanayo analemba khodiyo pang'onopang'ono, ngati kuti pakati pa nambala ndi nambala pangabwere wina wodzamuletsa. Palibe anabwera. Anatumiza.

Yankho linafika patangotha mphindi zisanu ndi zinayi. Mzere umodzi wofiira: pempho lakanidwa, ngozi ndi yakale. Kaya analiwerenga munthu, kaya makina, sizinadziwike. Pansi pake panali timalemba ting'onoting'ono tonena kuti wosakhutira achite apilo, yankho adzalimva pakatha masiku makumi atatu. Dokotala mlendo uja anali atatsala ndi masiku khumi ndi awiri.

Selinah anabisa nkhope m'manja. Mapewa ake ankagwedezeka. Mayi wa ku Kerala wa padesiki yoyandikana anasuzumira, n'kubwerera ku kompyuta yake. M'chipindamo zokanidwa zinkabwera tsiku ndi tsiku, ndipo kulirira nambala kunali kwa obwera kumene.

Ellard anaika kapu pansi. Tiyi anali atazizira osamulawa. Anawerenga mzere wofiirawo kawiri, kusaka polakwika poti angagwirepo. Panalibe. Khodi inali yolondola, kukanako kunalinso kolondola.

"Tsekani," anatero. "Mutsegule 4472."

Faifi koloko itakwana, antchito anafola pakhomo. Aliyense ankadinda chala pa kagalasi ka makina olemba nthawi, makinawo n'kulira, iye n'kutuluka kukalowa m'ng'anjo ya panja. "Yalla, yalla," mlonda ankawafulumizitsa. Selinah anadinda, natuluka osatsazika.

Ellard anayembekeza pambali mpaka mzere utatha. Mlonda anatulutsa buku m'dirowa monga ankachitira masiku onse, nalitsegula patsamba lokhala ndi dzina limodzi lokha. Ellard anapanikiza cholembera pakati pa chala cholozera ndi chapakati, nasaina mokhotakhota.

Makinawo amafuna chala chachikulu cha dzanja lamanja. Chake chinatsala ku Jebel Ali zaka zinayi zapitazo.