Bilu ya Madzi

"Pasipoti yokha siyokwanira, bambo," anatero mayi wa kubanki. "Poti ndinu mlendo m'dziko muno, mubweretse bilu ya madzi ya m'dzina lanu."

Ndinayang'ana alamu anga amene anandiperekeza. Ndimagona m'khitchini mwawo, ndipo mwininyumba akabwera ndimabisala kubafa.

"Alamu, tingowauza kuti ndimakhala kwanu?"

"Mukufuna tonse tikagone panja?" anandinong'oneza.

Abwana ofuna kundilemba ntchito ananenetsa kuti popanda akaunti ndisabwerenso. Eni nyumba za lendi nawonso amafuna munthu wapantchito.

Mayi uja anandibwezera pasipoti yanga pakabowo ka galasi, akumwetulira.

"Nanga madzi mumamwa kuti, bambo?"

Alamu anandiponda phazi.

"Sindimwa madzi, mayi," ndinayankha.