Phiko la Kumanzere

Gulugufe wa lero anatulukanso wopunduka. Phiko la kumanja linali bwinobwino, lofiira ndi timadontho toyera, koma la kumanzere linatambasuka mpaka kukhutu ngati lapondedwa ndi ng'ombe.

Fainess anaponya burashi m'kapu ya madzi. Mtima unamuwawa zedi. Chikokolokereni mpunga wake ndi madzi osefukira kusikimu ya Hara, chiyembekezo chake chonse chinali pa luso latsopanoli, lojambula ana kumaso pa zisangalalo. Amene ankamuphunzitsa anali Mayi Modesta, mphunzitsi wochokera ku Dedza, ndipo iwo sanapite m'mbali: Loweruka kusukulu kuli tsiku la masewera, atsikana onse adzafuna gulugufe, ndiye wolephera gulugufe alibe mpando kumeneko.

Wophunzirirapo analipo mmodzi yekha, mwana wake Ipyana wa sitandade wani. Ana a eni sungangowapaka penti kuno, makolo awo palibe. Mawa lomwe umva kuti ukuwalemba zizindikiro za satana. Choncho masana aliwonse Ipyana ankakhala pachitini pakhonde, atatsinzina, amake ali naye pamphumi ndi m'masaya.

Chinkamudabwitsa Fainess n'chakuti papepala gulugufe ankatuluka wokongola, mapiko ofanana ndendende. Akangofika pankhope, basi zasokonekera. Anayesa kuyambira kumanzere. Anayesa kutsamiza chigongono pabondo kuti dzanja lisanjenjemere. Anafika pomakalipira mwana kuti amagwedeza mutu dala. Koma m'malo mosintha, phiko lija linkanka likulirakulira, ndipo iye anayamba kuvomera kuti manja ozolowera kuwokera mpunga m'matope sangaphunzire za burashi ataumauma kale.

Mayi Modesta anafika akupalasa njinga, choko chili mbuu pasiketi. Anangoyang'ana kamodzi.

"Amake Ipyana, ameneyu ndi gulugufe kapena mleme?"

Fainess anaseka, koma misozi ili pafupi. "Dzanja ili, madamu. Likukana."

"Mumakanikiza burashi kwambiri. Tabweretsani kuno, muonetsetse."

Ananyowetsa kansalu n'kuyamba kufufuta. Atafika patsaya la kumanzere, Ipyana anadzidzimuka n'kubweza mutu.

"Mama, chikuŵinya!" anatero mwanayo, kudandaula kuti pakupweteka.

"Khala chete iwe!" anatero Fainess, manyazi atamugwira. "Pepani madamu, ndi dzino likugwedera. Akugulula mwanayu, ngakhale mzimbe wasiya kudya."

Mayi Modesta sankajambula mwamantha ayi. Anaika kadontho pakati pa maso, n'kukoka mzere umodzi kukwera pamphumi, wina kutsika patsaya, phiko la kumanja latha. Anaviikanso burashi n'kuchita chimodzimodzi mbali inayo, akuimba kanyimbo ka kwaya chapansipansi. Fainess anali tcheru, osaphethira, kufuna kugwira pamene iye amaphonya. Sanaone chachilendo chilichonse.

Kenako mphunzitsi uja anabwerera m'mbuyo kuti aone ntchito yake. Nyimbo ija inathera pakhosi.

Phiko la kumanzere linali litatambasuka mpaka kukhutu.

Kunena zoona, Fainess anasangalala. Ha, kani ngakhale katswiri zimamukanika! Anatsala pang'ono kubweza chipongwe cha mleme chija, koma ataona nkhope ya Mayi Modesta analeka. Iwo anali ataika burashi pansi. Anagwira Ipyana pachibwano n'kumutembenuzira kudzuwa, akusisita tsaya lina kenako linzake, pang'onopang'ono. Anamuuza kuti ayasamule, n'kusuzumira m'kamwamo nthawi yaitali.

"Dzanja lanu lilibe vuto, amake Ipyana," anatero motsitsa mawu. "Za Loweruka zisiyeni, mawa mulawirire kuchipatala. Nsagwada ya mwanayu yatupa, ndipo chotupacho n'cholimba gwa. Chinayamba liti?"

Fainess anayang'anitsitsa tsaya lija. Masiku onsewa nkhope ya mwana wake anali nayo m'manja, koma iye ankangoona gulugufe.