Pepala Limodzi Likasowa, Viza Palibe

Envulopu ya khaki inali pa tebulo, yosamata. Vitus anali kubafa, akuimba nyimbo ya kwaya mokweza, ndipo mkazi wake Emelda anaima pakhomo akuiyang'ana envulopuyo ndi diso loipa.

Chaka chimenecho, 2004, bungwe lina la mpingo lonyamula odwala pa ndege zing'onozing'ono linasankha Vitus, mphunzitsi wa masamu pa sukulu ina pafupi ndi Guilleme, kuti akaphunzire kuyendetsa ndege ku South Africa kwa chaka ndi theka. Ansembe analengeza nkhaniyi m'tchalitchi, anthu nkuwomba m'manja. Kuyambira tsiku limenelo ana asukulu ankamutchula kuti Kaputeni. Apongozi ake aamuna ankauza aliyense pamsika kuti mkamwini wawo adzatera ndi ndege pa bwalo la mpira.

Emelda yekha ndi amene sanakondwe. Ukwati wawo unali ndi zaka ziwiri zokha, ndipo mwana wawo Tawina anali asanayambe kuyenda. Komanso za ku Joni ankazidziwa. Mwamuna wa msuweni wake anapitako kwa miyezi itatu, koma anabwerako patatha zaka zinayi ali ndi mkazi wina wosadziwa ndi moni yemwe.

Chimene chinatsala tsopano chinali viza. Vitus anatha miyezi iwiri akusonkhanitsa mapepala: pasipoti, kalata ya ku sukulu ya ndege, ya dokotala yonena kuti maso ndi mtima zili bwino, chithunzi cha m'chifuwa cha kuchipatala, khadi lachikasu la katemera, ndi kalata ya apolisi yoti sanapalamulepo, imene anaipeza atamudinda zala zonse khumi. Ankakonda kufotokozera alendo kuti a ku embasi sasewera. Pepala limodzi likasowa amabweza zonse, ndipo anzako amayamba maphunziro mu Januwale iwe uli kwanu.

Mawu amenewo Emelda anawasunga bwino.

Envulopuyo inkayenera kunyamuka masana omwewo ndi Kefasi, dalaivala wa thiraki yochokera ku Chipata, kuti akaisiye ku ofesi ya bungwelo ku Lilongwe, iwo akapereke ku embasi. Emelda anatchera khutu. Madzi anali akukhavukabe kubafa. Anakhuthulira mapepala onse pa tebulo.

Chingerezi chake chinathera Sitandade 6, choncho sanadziwe kuti lofunika kwambiri ndi liti. Onse anali ndi zidindo. Koma pansi penipeni panali kaenvulopu koyera, komata bwinobwino, kolembedwa ndi dzanja la Vitus mwini. Anakakumbukira. Mwamuna wake anatha masiku atatu akulemba kalata imeneyo, dikishonale ili pambali, akung'amba mapepala nkuyambanso. Kalata yovutikira chonchi, anaganiza Emelda, ndiye mutu wa nkhani yonse. Anabweza mapepala enawo, kaenvulopuko nkukakwirira m'thumba la mtedza kuseri kwa chitseko.

Vitus atatuluka sanayang'anenso m'kati. Anamata envulopu ija ndi guluu, nkuuyamba wa kumsewu akuimba mluzu.

Milungu itatu yotsatira inali yokoma kwa Emelda. Ankagona tulo tabwino. Mawu opepesa anali atawakonza kale, ndipo nthawi zina ankaima pa galasi kuyeserera nkhope yachisoni. Vitus nayenso anali wosangalala kuposa kale. Anagula magalasi akuda kwa mavenda apaboda, ndipo madzulo ankanyamula Tawina m'mwamba nkumazungulira naye pabwalo akulira ngati injini. Emelda akamuona choncho, kamtima kankamugunda pang'ono, koma akakumbukira msuweni wake uja kankakhazikika.

Loweruka lina m'mawa thiraki ya Kefasi inaima pamsewu ikuliza hutala mosalekeza. Kefasi anatsika akugwedeza pasipoti m'mwamba, anthu oyandikana nawo akumutsatira. Vitus anailandira, nkutsegula. Viza inali itamatidwa pa tsamba lachisanu, dzina lake lili pomwepo. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anangokhala pansi pakhonde. Amayi ena anayamba nthungululu, akuti chimwemwe chamudula miyendo Kaputeni.

Emelda anawalandira alendowo akumwetulira, koma m'mutu mwake munali chipwirikiti. Anthu a ku embasi aja, osasewera aja, analephera bwanji kuona kuti pepala lasowa? Anthu atabalalika, anaona kuti kubisa kulibenso phindu. Ngati Mulungu mwini wafuna kuti munthu auluke, iye ndani? Anakapisa dzanja m'thumba la mtedza, nkudzagwada pafupi ndi mwamuna wake.

"Bambo a Tawina, mundikhululukire," anatero. "Ndinachotsa kalata iyi kuti akukanizeni. Sindimafuna kuti mupite."

Vitus anatenga kaenvulopu kaja, nakatembenuza uku ndi uku. Anavula magalasi akuda aja pang'onopang'ono.

"Pa mapepala onse aja, mayi a Tawina, munasankha ili?"

Emelda anavomera ndi mutu, misozi ikulengeza.

"Mwandipha," anatero Vitus motsitsa mawu, akuyang'ana ngati pali wina akumva. "M'kalatamu ndinawauza a ku embasi kuti ndikakafika ku Joni ndikathawa sukulu, ndikafune ntchito, ndipo sindidzabwereranso. Ndinalemba dala kuti andikanize. Ine ndege ndimaiopa."