Ola Lachisanu la Tulo

Minibasi yoyamba ya ku Lusaka inanyamuka pa Kafue Estates faifi koloko isanakwane. Dainess anali atapeza kale mpando wake wa kutsogolo, wa pawindo. Anapinda chitenje kanayi, n'kuchiika pagalasi, n'kutsamiritsapo mutu. Ola limeneli linali lake.

Maola ena onse anali ndi eni ake. Kunyumba ankafika naini koloko. Kuphika, kusambitsa ana awiri, kuchapa zovala zamawa, pofika pabedi tsiku linali litatha kale. Folo koloko foni inkalira. Ankagona maola anayi, ndipo lachisanu ankalipeza pamsewu, pakati pa Kafue ndi Lusaka. Akaliphonya, linkamutsatira kuntchito.

Ankasoka mayunifolomu a sukulu ku Kamwala, pa makina amagetsi. Lachiwiri anawodzera makina akuthamanga, ulusi n'kudutsa pathumba la shati mpaka kukolala. Abwana ake sanakalipe. Anangoikweza shatiyo m'mwamba kuti onse aione.

"Dainess, makina aya ali ndi anthu ambiri owafuna. Ukawodzeranso kamodzi, kwatha."

Lero linali Lachinayi, ndipo mwana wamng'ono anali atatsokomola usiku wonse.

Pakati pa iye ndi dalaivala panakhala bambo wamfupi, wa jekete lonunkha utsi. Dainess anangoti ndi mmodzi wa aja owamba nsomba ku Chanyanya. Basi isanafike n'komwe pamsewu waukulu, bamboyo anatsegula pakamwa.

"Iwe Bruce, ukumbuka ija ng'ombe ya ba Moses inagwera mu Kafue? Inali ya mtundu bwanji?"

"Yakuda," anayankha dalaivala.

"Wanama! Ganiza bwino."

"Yofiira."

"Nanga amene anaitulutsa ni ndani? Kamba, nikumvere!"

Dainess anatseka maso mwamphamvu. Ng'ombe itatuluka m'madzi, panabwera nkhani ya mpira. Mpira utatha, panabwera mayina a aphunzitsi onse amene anaphunzitsa Bruce kuyambira giredi wanu. Nkhani iliyonse inkathera pa funso, ndipo dalaivala akachedwa kuyankha, bamboyo ankamugunyuza ndi chigongono n'kuseka yekha mokweza. Windo la dalaivala linali lotsegula. Mphepo ya mwezi wa Juni inkalowa n'kumamuluma Dainess m'khosi.

"Ba tate, nipemphako," anatero mwaulemu. "Chepetsani mawu pang'ono."

"Pepani, mayi," anayankha bamboyo. Anatembenukiranso kwa dalaivala. "Nanga uja mphunzitsi wa masamu, wa mwendo umodzi waufupi?"

Dainess anayang'ana foni. Mphindi makumi awiri zinali zitapita, zosabweranso. Anacheuka. M'mipando ya kumbuyo anthu anali atazolika mitu ngati nkhuku za chitopa, wina atakumbatira chikwama, wina atafunda jekete kumutu, koma maso ambiri anali otsegula, ofiira, akuyang'ana msana wa bamboyo. Onsewo anali anzake a ola limeneli, ngakhale sankadziwana mayina.

Atadutsa Shimabala, bamboyo anayamba nyimbo ya kwaya, n'kumauza dalaivala kuti azithira besi. M'maganizo mwake Dainess anaona shati ija ili m'mwamba, anzake akuyang'ana pansi. Anaona makina ake atakhalapo munthu wina. Mtima unamuphulika.

"Ba tate, kodi mwameza wailesi? Ife tagona maola angati, mudziwa? Imwe mukafika ku Lusaka muzakhala pa mpando kukamba nkhani. Ine nikawodzera lero, ntchito yasila. Ana anga azadya nyimbo zanu?"

Basi yonse inadzuka.

"Auzeni, sisi!"

"Ba mudala, kunyumba kulibe mkazi wokamba naye?" anafunsa mayi wina kumbuyo, ndipo anthu anaseka kuseka kwa anthu otopa.

"Atsike, akayimbire mitengo!"

Bamboyo anatsegula pakamwa kuti ayankhe. Anayang'ana dalaivala, n'kuyang'ana anthu odzaza kumbuyo, kenako anatsekanso pakamwa.

"Alekeni anthu agone, ba Fanwell," anatero dalaivala motsitsa, uku akukweza windo.

M'basi munati zii. Munayamba kufunda. Injini inkangolira liwu limodzi, lofanana, ndipo magetsi a magalimoto ochokera ku Lusaka ankadutsa pankhope ya Dainess ngati dzanja lomusisita. Anamva chisoni pang'ono chifukwa chokalipira munthu wamkulu pagulu, koma chisonicho chinasungunuka msanga. Panatsala mphindi makumi atatu. Zikanakwana. Mapewa anamasuka, manja analefuka pamiyendo, ndipo tulo tinamufika tokoma kuposa tonse ta sabata imeneyo.

Chinamudzutsa ndi phokoso la miyala pansi pa matayala. Udzu wautali unkakwapula galasi pomwe panali mutu wake. Dzanja limodzi la ba Fanwell linali pa chiwongolero, likukokera basi kubwerera pa phula, lina likumenya dalaivala pachifuwa. Chibwano cha dalaivala chinadzuka pang'onopang'ono. Kumbuyo palibe anadziwa kanthu.

"Masiku atatu mlamu wangayu ali pamaliro a amake, panja, osagona," ananong'ona ba Fanwell, osamuyang'ana Dainess. "Ine ku Lusaka nilibe chochita, mayi."

Dainess anakhala tsonga, n'kutsegula windo lake mpaka kumapeto. "Ba Bruce," anatero mokweza, "kwanu ni kuti? Niuzeni zonse, osasiyako kanthu."