Kaseti ya Tsiku Lomwe Woimba Anafa

Kaseti yomaliza inali ikubwerera m'makina pamene chitseko cha situdiyo chinatsegulidwa ndi chidendene. Analowa woimba ng'oma, chitsulo choimikira maikolofoni chili m'manja.

"Ndipatse kasetiyo."

Sanadikire yankho. Chitsulo chinatera pamphuno pa wojambula nyimbo, magazi n'kuwazikira pamabatani.

Mkazi wa malemu woimba anadzambatuka pampando. Ndiye anabweretsa katoni ya makasetiwo, momwe munajambulidwa gulu la roko la mwamuna wake likuyeserera nyimbo, kuti atulutse chimbale. Mkaziyo sanamvereko ndi imodzi yomwe. Ankati mawu a malemu amamudwalitsa.

"Achimwene, mwapenga kodi?"

Mchimwene wakeyo sanamuyang'ane n'komwe. Anazula kasetiyo, kuiponda, n'kusolola tepi yake ngati matumbo a nkhuku.

Ndani sankadziwa kuti iyeyu ndi mlamu wake, malemuyo, ankaswana pafupipafupi? Tsiku lomwe woimbayo anapezeka m'chipinda choyeserera, mutu utaphwanyika, chisipika chili gada pambali pake, apolisi anati ndi ngozi. Koma anthu ankangoyang'ana mikono ya woimba ng'oma. Ndiye malemu anali ndi kakhalidwe kake komwe ankakadziwa ndi a m'gulumo okha: sankazimitsa makina ojambulira, ankaisiya kaseti izungulire mpaka ithe yokha. Kasetiyi inali ya tsiku lomwelo.

Wojambula uja anaseka, mano ali psuu. "Mwachedwa, akulu. Ndaikopera kale pakompyuta, kungoti sindinaimvere. Tiyeni timve limodzi zimene mukubisazo."

Woimba ng'oma anamulumphira. Wojambulayo anamulandira ndi mpando kumaso, munthu wamkulu n'kugwa khu, mlomo utang'ambika. Anayesa kukwawira ku chingwe cha magetsi, koma anapondedwa dzanja.

Wojambulayo anathamangitsa nyimbo mpaka chakumapeto. Gitala analira n'kuleka. Oimba anatsanzikana, woimba ng'oma nayenso, chitseko n'kutsekeka. Kwa kanthawi kunali zii. Kenaka chitseko chinalira kachiwiri. Malemu anayamba kutukwana. Linamveka pama, lina, linanso, thupi likugunda khoma.

"Zimitsa, chonde," anatero woimba ng'oma ali pansi, akulira ngati mwana. "Mlongo wanga, tuluka."

Mlongo wakeyo sanasunthe.

M'masipika munamveka mawu a mkaziyo, akupuma mwawefuwefu: "Wandimenya komaliza lero." Kenaka china chake cholemera chinagwa.