Matayala Osalala a Malemu Venansio

Abbas wogulitsa matayala ku Mbayani ndiye adapha Venansio, pomugulitsa matayala akutha. Petronela, mkazi wa malemuyo, adapita kukamuuza zimenezo pamaso, osapereka ndi moni womwe.

"Limodzi lidaphulika ali pampikisano wa liwiro, lero ndine wamasiye! Tsopano Ambrosi, mwana wanga mmodzi yekhayo, waikonza galimoto ija. Akuti athamanga masana ano, misewu ikakhala pululu anthu ali kumsonkhano wa chipani. Chonde, musamugulitse!"

"Mayi, amuna anu ndidawaletsa ine," adatero Abbas. "Adakakamira okha, ati azungu amathamangira matayala osalala. Ndidawauza kuti a azunguwo amachita kupangidwa choncho, si akutha ayi. Ambrosi ndamubweza dzulo."

Petronela adagwada pafumbi pomwepo kuthokoza.

"Koma wati angoikapo tayala la sipeya, poti atatu a bambo ake aja alipo," adapitiriza Abbas.

Petronela adadzambatuka. Matayala atatuwo adali atawatsekera m'chipinda chaka chathunthu. M'mawa womwewo Ambrosi atawapempha, iye adamuponyera kiyi osafunsa kanthu: "Achotse, ndatopa nawo kuwaona!"

Ndiyankheni inu mukuwerenganu, mayi ameneyu athamangire msewu uti?