Chiuli ndi Kachipangizo Kolozera Njira

Padangokhala, kalelo magalimoto asanayambe kulankhula, Chiuli ankayendetsa matola. Mnzake Nsadzu, kambalame kodziwa kumene kuli njuchi, ankatera pagalasi n'kumamulozera njira. Malipiro ake anali kachisa ka uchi basi.

Tsiku lina Chiuli anatulukira ndi kachipangizo ka GPS kolozera njira, kotchipa, kokwana m'thumba la malaya.

"Achimwene, aka sikadya uchi," anatero monyadira. "Komanso sikazungulira ngati inu."

"Chabwino," anayankha Nsadzu. "Mawa kakutsogolereni ku Dedza, tione."

Kachipangizoko kanapambanadi. Kanadula njira, Chiuli n'kufika dzuwa lisanatenthe. Sanadutse pamlambe paja ankaima kuti afule njuchi, kapena kwa azakhali ake, amene ankawayalira awiriwo mphasa n'kuwakazingira mtedza. Nsadzu sanatsutse. Anangokupiza timapiko, ulendo wa kuthengo.

Mpaka lero Chiuli sasochera. Koma mitengo ikachita maluwa, njuchi n'kuyamba kulira, malovu amamudzaza m'kamwa. Amaimika galimoto m'mbali mwa msewu, n'kufunsa chapansipansi, "Kodi iwe, uchi uli kuti?"

Kachipangizoko kamangoti, "Pitirirani kutsogolo."